EVA PERÓN, MKAZI AMENE ANAGWIRA DZIKO NDI MAU

Mwana wa ku Los Toldos

Kutsidya kwa nyanja yaikulu ya Atlantic, cakumwera kwa America, kuli dziko lochedwa Argentina. Anthu ace amalankhula Cisipanishi, ndipo mzinda wao waukulu ndiwo Buenos Aires. Dzikolo ndi la madambo aakulu a msipu, m'mene anthu amaweta ng'ombe zosawerengeka ndi kulima tirigu. Kale nyama ndi tirigu wa ku Argentina zinkapita pa sitima za pamadzi kukadyetsa anthu a ku Britain, ndipo eni minda analemera kwambiri. Koma cuma cimeneco cinali m'manja mwa mabanja owerengeka. Abusa a ng'ombezo, osenza katundu pa doko, ndi ogwira nchito m'nyumba zophera ng'ombe anali amphawi, ndipo pa nkhani za dziko mau ao sanali kumveka.

M'dziko limeneli munabadwa mkazi amene sanakhalepo nduna kapena phungu wa Nyumba ya Malamulo, koma mphamvu zace zinaposa za nduna zonse. Kufikira lero anthu a kwao amakangana za iye. Ena amamuyesa mai wa amphawi, ena amati anathandiza kutseka pakamwa pa anthu otsutsa boma. Dzina lace ndiye Eva Perón, ndipo omkonda ankamucha Evita. Mbiri yace iri ndi phunziro kwa munthu ali yense amene amachera khutu ku wailesi, kapena amene wayamba kuwerenga nyuzipepala.

María Eva Duarte anabadwa pa 7 Meyi 1919 ku dera la Los Toldos, ndipo anali wotsiriza mwa ana asanu a mai wina dzina lace Juana Ibarguren. Atate wace, Juan Duarte, anali ndi mkazi wina wa ukwati wa lamulo m'tauni ya Chivilcoy. Masiku amenewo ana obadwa kunja kwa ukwati ankanyozedwa, ndipo lamulo lomwe silinawayese olingana ndi anzao. Atatewo anafa pa ngozi ya galimoto m'caka ca 1926, ndipo mai uja analera anawo ndi nchito yosoka zobvala. Pambuyo pace banjalo linasamukira ku tauni ya Junín. Eva anakula akudziwa usiwa, akudziwanso kuwawa kwa kuyang'anidwa ndi diso lonyoza. Zinthu ziwiri zimenezi sanaziiwale moyo wace wonse.

Nchito ya pa Wailesi

M'caka ca 1935, ali ndi zaka 15, Eva anapita ku Buenos Aires kukafuna nchito yocita masewero. Zaka zoyamba zinali za njala ndi kusowa. Anali kupatsidwa mbali zazing'ono m'masewero, ndipo malipiro ace anali ocepa. Mwai wace unatulukira pa wailesi.

Argentina ndi limodzi la maiko amene anayamba msanga kuulutsa mau pa wailesi, pakuti anayamba m'caka ca 1920. Pofika zaka za m'ma 1940 wailesi inali italowa m'nyumba zambiri, za olemera ndi za osauka zomwe. Cimene anthu anakonda koposa ndico masewero opitirira, amene nkhani yace inkadukizidwa lero kuti ipitirire mawa. Amai ophika ndi osoka m'nyumba zao ankadikira nthawi yace osalola kuphonya, ndipo makampani a sopo ndi a malonda ena ankalipira masewerowo kuti katundu wao achulidwe.

M'caka ca 1943 nyumba youlutsira mau ya Radio Belgrano inampatsa Eva nchito yosewera mbiri za akazi ochuka a kale, monga Mfumukazi Elizabeth Woyamba wa ku England ndi Catherine wa ku Russia. Pa nchito imeneyi anaphunzira luso limene nduna zambiri zinalibe. Anadziwa pokweza mau ndi potsitsa, polira ndi pokalipa, kuti mai wokhala yekha m'nyumba mwace ayese kuti akulankhula ndi iye yekha. Anathandizanso kuyambitsa bungwe la ogwira nchito pa wailesi, nakhala mtsogoleri wace m'caka ca 1944.

Kukomana ndi Perón

Pa 4 Juni 1943 asilikari analanda boma la Argentina. Mmodzi wa iwo, Juan Domingo Perón, anatenga udindo umene anzace anauyesa wacabe, woyang'anira za anthu a nchito. Iye anaona cimene enawo sanacione, cakuti amphawi ndiwo ambiri m'dziko. Tsono anayamba kuweruza milandu ya nchito mokomera anchito, nakhazikitsa malamulo a malipiro a ogwira nchito m'minda, a chuthi colipidwa, ndi a ndalama za paukalamba. Motero mabungwe a anchito anayamba kumkhulupirira.

Pa 15 Januwale 1944 cibvomezi cacikulu cinagwetsa mzinda wa San Juan, ndipo anthu pafupifupi 10,000 anafa. Perón anasonkhanitsa ocita masewero kuti athandize kupempha ndalama, ndipo pa msonkhano wa pa 22 Januwale, m'nyumba ya masewero ya Luna Park, anakomana ndi Eva. Iye anali ndi zaka 48, Eva 24. Posacedwa Eva anayamba kulankhula pa wailesi zotamanda nchito za Perón, m'mau apafupi amene munthu wosaphunzira anatha kuwamva.

Kuchuka kwa Perón kunaopsa asilikari anzace. M'mwezi wa Okutobala 1945 anamcotsa pa maudindo ace onse, namtsekera pa cisumbu ca Martín García. Koma pa 17 Okutobala anchito zikwizikwi anasiya nchito, nayenda pansi kucokera m'makomboni kufikira pa bwalo la Plaza de Mayo, patsogolo pa nyumba ya boma yochedwa Casa Rosada. Tsikulo kunatentha, ndipo ena anabviika mapazi ao otopa m'madzi okongoletsa bwalolo. Anthu olemera anaipidwa poona zimenezi. Khamulo linakana kubalalika kufikira usiku, pamene Perón anamasulidwa nalankhula nao ali pa khonde la nyumbayo. Anthu onyoza anawacha anchitowo "descamisados", ndiko kunena kuti opanda malaya, koma Perón ndi Eva analitola dzinalo nalisandutsa dzina laulemu.

Pambuyo pace kunafala mbiri yakuti Eva ndiye anayenda m'makomboni kuutsa anchito tsiku limenelo. Akatswiri a mbiri ya kale anapeza kuti nchitoyo inagwiridwa makamaka ndi atsogoleri a mabungwe a anchito, monga Cipriano Reyes wa ogwira nchito m'nyumba zophera ng'ombe. Apa tiyamba kuona kuti nkhani yonenedwa kawiri-kawiri pa wailesi ikhoza kulowa m'malo mwa cimene cinacitikadi.

Patapita masiku asanu Perón ndi Eva anakwatirana. Pa nthawi yokopa anthu Eva anayenda naye pa sitima m'dziko lonse, cinthu cimene akazi a atsogoleri sanali kucita kale. Spruille Braden, amene anali kazembe wa United States, anatsutsa Perón poyera, ndipo Perón anagwiritsa nchito cimeneco. Pa zipupa za m'mizinda panalembedwa mau atatu okha, "Braden o Perón", ndiko kuti sankhani mlendo kapena mwana wa dziko. Opikisana naye enieni anali nzika za Argentina, koma mau atatuwo anawaphimba. Pa 24 Febuluwale 1946 Perón anapambana pa cisankho, nakhala Pulezidenti pa 4 Juni.

Mai wa Opanda Malaya

Akazi a atsogoleri a kale ankakhala phee m'nyumba, kulandira alendo basi. Eva anatsegula ofesi m'nyumba ya boma yoyang'anira za anchito. M'menemo analandira atsogoleri a mabungwe, ndiponso mizere yaitali ya amphawi: amasiye, odwala, osowa pogona. Ankakhala nao kufikira usiku, kumva madandaulo ao mmodzi-mmodzi, nawakumbatira odwala zilonda amene ena ankawanyansidwa. Akulu anati wamva m'mimba ndiye atsekula citseko. Eva anadziwa umphawi cifukwa unamlasa iye mwini, ndipo amphawiwo anazindikira zimenezo.

M'caka ca 1948 anakhazikitsa bungwe lochedwa Fundación Eva Perón. Bungweli linamanga zipatala, sukulu, nyumba za okalamba ndi za ana, ndi sukulu ya anamwino. Linagawa makina osokera, nsapato, mabulangeti, ndi zidole za ana pa Khirisimasi. Linayambitsanso mipikisano ya mpira wa ana, ndipo ana olowa mpikisanowo ankayamba apimidwa ndi dokotala. Eva ankaphunzitsa kuti zimenezi si mphatso zoti munthu azilandire atagwada, koma ndi gawo lace la cuma ca dziko. Kwa anthu amene anazolowera kunyozedwa popempha, mau amenewa anali a mtengo wapatali monga katundu amene.

Komatu ndalama zace zinacokera kuti? Zina zinadulidwa pa malipiro a anchito, a masiku awiri pa caka. Zina zinacokera ku boma, ndipo zina kwa eni makampani, amene ena a iwo anapereka poopa kuti akakana adzaona mabvuto. Kayendedwe ka ndalamazo sikanali kuonetsedwa poyera kuti anthu akaweruze. Ndiponso pa katundu ndi pa nyumbazo panali dzina la Eva ndi la mwamuna wace, kotero kuti wolandira anathokoza anthu awiriwo, osakumbukira kuti mbali ya ndalamazo inatuluka m'thumba lace lomwe.

Akazi Alandira Voti

Kufikira nthawi imeneyo akazi a ku Argentina sanali kuloledwa kusankha Pulezidenti kapena aphungu a dziko lonse. Nkhondo yofuna ufulu umenewu sinayambe ndi Eva. Akazi ophunzira monga Julieta Lanteri, Elvira Rawson ndi Alicia Moreau de Justo anailimbikira zaka zambiri, koma Nyumba ya Malamulo inkangoikankhira kutsogolo. Eva anaika mau ace ndi mphamvu ya boma pa nkhaniyi, nalankhula kwa akazi pa wailesi kawiri-kawiri. Lamulo la nambala 13,010 linabvomerezedwa m'mwezi wa Sepitembala 1947, ndipo pa 23 mwezi womwewo linaperekedwa m'manja mwace pamaso pa khamu pa Plaza de Mayo.

M'caka ca 1949 anayambitsa cipani ca akazi okhaokha, Partido Peronista Femenino. Anatumiza akazi m'zigawo zonse kukalemba maina a anzao khomo ndi khomo, ndi kutsegula nyumba za cipani m'mene akazi ankaphunzira kusoka, kuwerenga, ndi za ndale. Pa cisankho ca pa 11 Novembala 1951 akazi anaponya voti nthawi yoyamba, ndipo akazi 23 analowa m'nyumba ya aphungu, 6 m'nyumba ya Senate. Masiku amenewo maiko ocepa kwambiri anali ndi akazi ambiri cotere m'Nyumba ya Malamulo.

Ngakhale zinali conco, Eva sanaphunzitse akazi kudziimira okha pa ndale. Ankadzicha mlatho wa pakati pa Perón ndi anthu, nanena kuti zonse ali nazo nza Perón. Akazi oimira cipani pa cisankho ankawasankha iye mwini, ndipo cimene anafuna kwa iwo koposa ndico kumvera. Citseko cinatseguka ndithu, koma kiyi anasunga ndi munthu mmodzi.

Pakamwa Potsekedwa

Tsopano tifike pa mbali imene okonda Eva sakonda kuikumbukira. Pa cisankho ca 1946 nyuzipepala zazikulu pafupifupi zonse zinatsutsa Perón. Atalowa m'boma, iye ndi mkazi wace anatsimikiza mtima kuti zimenezo zisacitikenso. M'caka ca 1947 nyuzipepala ya Democracia inagulidwa nikhala ya Eva, ndipo zithunzi zace zinkatuluka m'menemo masiku onse. Anthu ogwirizana ndi boma anagula nyumba zoulutsira mau imodzi-imodzi, kufikira wailesi yonse inalankhula mau amodzi. Otsutsa boma anasowa polankhulira.

Boma linagwiranso njira ina yocenjera. Mapepala osindikizira nyuzi ankacokera kunja, ndipo boma ndilo linkagawa. Nyuzipepala yoyamika boma inkalandira okwanira, yotsutsa inkacepetsedwa masamba. Nyuzipepala ya cipani ca Socialist, La Vanguardia, inatsekedwa m'caka ca 1947. La Prensa, imene inali yaikulu ndi yodziwika m'maiko ambiri, inatsekedwa m'caka ca 1951, nilandidwa ndi kuperekedwa ku bungwe lalikulu la anchito lochedwa CGT. Ricardo Balbín, mtsogoleri wa aphungu otsutsa, anaikidwa m'ndende m'caka ca 1950 cifukwa ca zolankhula zace. Ofesi ya boma yofalitsa nkhani, imene mkulu wace anali Raúl Apold, inkayang'anira zonena za pa wailesi ndi zithunzi za nkhani zoonetsedwa m'nyumba za kanema. Buku lonena za moyo wa Eva, La razón de mi vida, linatuluka m'caka ca 1951, ndipo caka cotsatira linalamulidwa kuti liziwerengedwa m'sukulu.

M'zolankhula zace Eva anagawa dziko pawiri. Mbali ina kunali anthu, ndiwo opanda malaya ndi Perón. Mbali ina kunali "oligarquía", ndiwo olemera odyera anzao masuku pamutu. Kunena zoona, olemera otere analipo, ndipo anazunzadi amphawi. Koma dzinalo linayamba kupatsidwa kwa munthu ali yense wofunsa funso, ngakhale mphunzitsi wosauka, ngakhale wanchito amene. Cipriano Reyes, yemwe uja anautsa anchito pa 17 Okutobala, anamangidwa m'caka ca 1948, nakhala m'ndende kufikira 1955.

Tsiku la Kukambirana ndi Khamu

Pa 22 Ogasiti 1951 bungwe la CGT linaitana msonkhano pa mseu waukulu wa Avenida 9 de Julio, kupempha kuti Eva akhale waciwiri kwa Pulezidenti. Anthu anadza pa sitima ndi pa mabasi kucokera m'dziko lonse, nadzaza mseuwo kufikira kosaoneka ndi maso. Eva analankhula osanena ngati wabvomera. Pamenepo khamulo linayamba kupfuula kuti ayankhe. Iye anapempha masiku anai oti aganize, anthu anakana. Anapempha kuti adikire mawa, anakananso. Anapempha maola awiri, iwo napfuula kuti ayankhe pomwepo. Kunja kutada anayatsa miuni ya mapepala, naima osasuntha. Potsiriza Eva ananena kuti adzacita cimene anthu afuna, ndipo khamulo linabalalika likuyesa kuti wabvomera.

Koma pa 31 Ogasiti mau ace anamveka pa wailesi, ofooka, akukana udindowo. Akulu a asilikari sanafune kuti mkazi, makamaka mkazi ameneyu, adzakhale wowalamula Perón atafa. Ndiponso Eva anali kudwala khansa ya khomo la ciberekero. Pa 17 Okutobala caka comweco wailesi ya kanema inayamba m'Argentina, ndipo cinthu coyamba cimene inaonetsa ndico msonkhano wa pa Plaza de Mayo, Eva akulankhula ali woonda. M'mwezi wa Novembala madokotala anamcita opaleshoni, ndipo voti yace yoyamba, imene inalinso yotsiriza, anaiponya ali gone m'cipatala.

Pali mwambi wakuti ng'oma yolilitsa sicedwa kung'ambika. Eva anamwalira pa 26 Julayi 1952, nthawi ya 8.25 madzulo, ali ndi zaka 33. Anthu anaima pa mizere usana ndi usiku kwa masabata awiri kuti aone nkhope yace, ndipo ena anafa popanikizana. Kwa nthawi yaitali wailesi inkakumbutsa dziko lonse ola la imfa yace madzulo ali onse. Mzinda wa La Plata ndi cigawo ca La Pampa zinapatsidwa dzina lace.

Mtembo Woyendayenda

Mtembo wace unakonzedwa ndi dokotala Pedro Ara kuti usaole, nusungidwa m'nyumba ya CGT. M'mwezi wa Sepitembala 1955 asilikari anagwetsa boma la Perón, iye nathawira kunja. Olamula atsopanowo, amene anadandaula kale kuti anatsekedwa pakamwa, anabwezera ndi muyeso womwewo. M'caka ca 1956 anaika lamulo loletsa kuchula dzina la Perón kapena la Eva poyera, ndi kuonetsa zithunzi zao. Bungwe la Eva linathetsedwa, ndipo katundu wambiri wokhala ndi dzina lace anaonongedwa. Mtembo womwe anauopa. Anauba, naubisa m'malo osiyana-siyana, ndipo m'caka ca 1957 anakauika m'manda ku Milan, m'dziko la Italy, pansi pa dzina labodza.

Koma lamulo silifafaniza cimene ciri mu mtima. Amphawi anabisa zithunzi za Evita m'nyumba zao, nauza ana ao za makina osokera ndi za cipatala. Mtembowo unabwezedwa kwa Perón ku Madrid m'caka ca 1971, unafika kwao m'caka ca 1974, ndipo m'caka ca 1976 unaikidwa m'manda a Recoleta ku Buenos Aires, pakati pa manda a mabanja olemera amene iye ankawadzudzula. Perón anabwerera nakhalanso Pulezidenti m'caka ca 1973. Atafa m'caka ca 1974, mkazi wace wacitatu, Isabel, amene anali pa mpando umene Eva anaukana, analowa m'malo mwace nakhala Pulezidenti. M'caka ca 2007 anthu anasankha mkazi wina wa cipani ca Perón, Cristina Fernández de Kirchner, amene analamulira kufikira 2015.

Cimene Tiphunzirapo

Munthu wofuna kuweruza Eva Perón asenze mbali zonse ziwiri. Iye anaonetsa kuti mwana wamkazi wa mai wosoka, wosapita patali ndi sukulu, akhoza kuima patsogolo pa dziko ndi kumvedwa. Zipatala anamangadi, voti ya akazi inabweradi, ndipo amphawi anayamba kuyenda ataweramutsa mitu. Anthu sanamkonde cifukwa ca mau okha, pakuti mauwo anatsagana ndi zinthu zogwirika ndi manja.

Koma boma limene iye anali mau ace linafuna kuti m'dziko mumveke liu limodzi. Pamene otsutsa analandidwa polankhulira, mkangano sunathe ai. Unangolowa pansi monga moto wa m'mankhusu, nudzayaka ndi mfuti m'caka ca 1955. Pamenepo amphawi omwe aja anapeza kuti mwambo wotseka pakamwa wawatembenukira iwo.

Inu amene mwaphunzira kuwerenga muli ndi cida cimene womvera cabe alibe. Mau a pa wailesi amapita ndi mphepo, koma olembedwa mukhoza kuwabwereza, kuwalinganiza ndi a munthu wina, ndi kuwasunga kuti mudzaone ngati lonjezo linakwaniridwa. Lero nkhani zimafika ndi pa foni za m'manja zomwe, mofulumira kuposa masiku a Eva, koma mafunso oyenera sanasinthe. Akulankhulayu ndani, ndipo cipangizo cimene akulankhulirapo ncayani? Mphatso imene wabwera nayo yagulidwa ndi ndalama za yani? Nanga munthu amene akumucha mdani wapatsidwa mpata woyankha? Pa bwalo la milandu mfumu yanzeru sigamula isanamve mbali zonse ziwiri, ngakhale woyamba kulankhulayo atakhala wodziwa kulankhula monga Evita.